Kuima M'malere

Ku Msasa, kuseri kwa galaja ya a Gwenzi,
magetsi asanathawe,
ndakhazika kahelikopita kanga pa thayala lakutha.
Kumchira kulibe chopukusa.
Kali ndi nguli ziwiri pa mpini umodzi:
yapamwamba imalowera kumanja,
yapansi imakana, imapita kumanzere,
ndipo mkangano wa ziwirizi
ndi umene umagwira mphuno kuti isapotoke.

Kuthamanga aliyense amatha.
Ukapatsa moto, mphepo yakutsogolo imakuwongola yokha
ngati kombi ya ku Mabvuku ikapeza msewu woyera.
Vuto lili pano,
mamita awiri pamwamba pa simenti,
pamene sukupita kulikonse.

Tichafara wasanjika laputopu pamaondo.
"Wonjezera pang'ono," akutero m'Chishona,
ine ndikuwerengera chamumtima m'Chichewa.
Ndawonjezera. Kayamba kunjenjemera,
kakukonza cholakwa chisanachitike,
kenako kakukonza kukonzako,
mphuno uku, mphuno uko, ngati munthu wokana mlandu.
Ndachepetsa. Tsopano kagwidwa ulesi,
kakutsetserekera kumpanda osatsanzika.

Nguli yapansi ndimaimvera chisoni.
Imapuma mpweya wotafunidwa kale ndi inzake,
makombo a mphepo,
komabe pokokana isalole kugonja,
ikangofooka tonse tizungulira.

Ndiye mpweya wa Harare ndi wopyapyala.
Mzindawu uli pachitunda, Okutobala wauwamba,
mapiko akupalasa koma chogwira n'chochepa.
Manambala a m'buku analembera anthu a kunsi,
kumene mpweya uli ndi mnofu.
Kamphepo komwe tikukapondereza pansi
kakugunda simenti, kakukwera khoma la galaja,
kakubwerera kudzatimenya m'nthiti
katanyamula fumbi ndi maluwa a jakaranda.

Lachiwiri lapitali ndinatsika mwaphuma.
Kanagwera m'mphepo yake yomwe,
ndinawonjezera moto, kanamirabe,
phwa!
Mapiko anayi, madola makumi atatu.
A Gwenzi sanakalipe. Anapukuta girizi m'manja:
"Ukamamira usakankhire kumwamba, mwana wa Kambwiri.
Sendera kumbali, ukapeze mpweya wosagwiritsidwa ntchito."

Mwana wa Kambwiri.
Bambo anabadwira ku Mufakose,
anaikidwa m'manda ku Mbudzi,
chitupa chawo mpaka tsiku lomaliza chinkati mlendo.
Ntcheu ankangoimva m'kamwa mwa akuluakulu pamaliro.
M'nyumba lilime limodzi, pamsewu lina,
onse awiri pa mpini umodzi,
zaka makumi asanu ndi limodzi
osatera, osauluka.
Ine ndinkayesa angokhala phee.
Sindinkaona zala zawo.

Chifukwa kuima m'malere si kupuma ayi.
Yang'anani chala changa chachikulu pa rimoti:
sichikuoneka kuti chikuyenda,
koma chikupempha, chikubweza, chikupepesa,
kadontho kumanzere, theka la kadontho kumbuyo.
Ndikafuna kutembenuza mphuno
ndimabera yapamwamba pang'ono, n'kuninkha yapansi,
mwakachetechete,
kuti katundu asadziwe kuti wina wachepekedwa.

Tichafara wasiya kulankhula.
Mzere wa pa laputopu wagona, ukungopuma.
Kahelikopita kaima
molingana ndi zenera losweka la ofesi,
maluwa apansi athawa n'kusiya bwalo loyera,
lozungulira bwino ngati wina wasesa.
Khumi.
Khumi ndi chimodzi.
Lole yadutsa mumsewu wa ku Mutare, mpanda wagwedera,
mphuno yafuna kuicheukira, ndaikaniza.
Khumi ndi zinayi.

Batire layamba kulira.
Kuseri kwa khoma jenereta ya anzathu yatsokomola,
ndiye kuti magetsi apita.
Ndikukatsitsa pang'onopang'ono, mopendekera kumbali,
m'mene anandiuzira,
ndipo miyendo isanakhudze thayala
pali kamphindi kena
pamene pansi pakukankha, sipakufuna kutilandira,
ndipo ndiyenera kuumirira.