Papa Potwe

Anafika asanu ndi anayi pa chombo cha Lachinayi,
anamwino a ku Morogoro,
zikwama zawo zikununkhira sopo wa kuchipatala.
Akuti chaka chathunthu akhala akusonkha,
mwezi ndi mwezi, m'kachitini ka mabisiketi,
kuti adzaone chinsomba chimene ife a ku Kilindoni
timachitcha papa potwe.

Ine ntchito yanga ndi maso.
Kombo amagwira injini, ine ndimaima kumphuno kwa boti,
chala cha kuphazi chitakola chingwe,
kusakasaka mthunzi pansi pa madzi.
Bambo anga ankati ukaona mbalame zapenga,
tinsomba tikuwira ngati mafuta m'chiwaya,
usayang'ane mbalamezo, yang'ana kunsi kwake.

Tinanyamuka dzuwa lisanakwiye.
Ola loyamba anayimba.
Ola lachiwiri Upendo anabweza chapati yense wa m'mawa,
anzake n'kumugwira pamphumi mwa chizolowezi,
wina mpaka kumuwerenga kugunda kwa mtima.
Ola lachitatu kunali zii.
Injini yokha, tu tu tu,
ndi funso lija ndimalimva lisanatuluke pakamwa:
Nanga chikapanda kubwera, ndalama zathu?

Nyanja sisainira pangano, amayi.
Izi ndinameza.
Ndinangoloza kutali ngati ndaona kanthu.

Bi Zuhura, wamkulu wa onsewo,
anakhala pakati penipeni, jekete atamanga mpaka m'khosi.
Zaka makumi atatu akubadwitsa ana usiku,
magazi sawaopa, imfa anaizolowera,
koma madzi opitirira m'mawondo, toto.
Ine ndabwera kudzasunga mafoni, anatero.

Kenaka mbalame.
Kenaka madzi anada malo amodzi,
mdimawo n'kuyamba kuyenda.

Dumphani! Osachigwira! Kumchira ayi!
Phava, phava, asanu ndi atatu m'madzi,
miyendo balala, timapaipi topumira tikulavula mchere,
onse kuthamangira kumene chinali
m'malo mwa kumene chinkapita.

Icho chinakhota mwaulesi,
ngati lole yodzaza simenti pa msewu wopapatiza,
n'kulunjika kwa ife.
Kombo anazimitsa injini.

Mutu wophwatalala ngati chitseko,
kukamwa yasa, kumeza madzi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso,
msana wonse madontho oyera
ngati munthu anaviika chala mu laimu
n'kumadinda, alibe kopita.
Tinsomba tamizeremizere tikuchitsogolera njira.
Chinalowa pansi pathu, n'kumalowabe.
Boti linatha icho chisanathe.

Bi Zuhura anagwada pa matabwa onyowa,
mafoni asanu ndi anayi ali m'thumba pachifuwa,
osatulutsako ndi imodzi yomwe.
Anawerama mpaka nsonga ya mpango wawo inamwa madzi.
Pafupi ndi chipsepse panali chipsera chakale,
mizere itatu, yotalikirana mofanana,
dzanja la pulopela.
Ndinawamva akunong'ona ndi mawu a mu wodi ya usiku:
Pepa, mwanangu. Wapola wekha, wopanda wokusoka.

Kombo anayang'ana kumbali.
Ine ndinayamba kukulunga chingwe
chimene chinali chokulunga kale.
Chipsera chimenecho timachidziwa tsiku lake.

Pobwerera boti linadzaza phokoso.
Sikudhani akuti anaona mchira,
Mwanaidi akuti thovu lokhalokha ndi phazi la Upendo.
Anakangana za kutalika kwake,
uyu ambulansi imodzi, uyo ziwiri.
Mayi, tioneni zithunzi!
Bi Zuhura anabweza mafoni, aliyense yake,
youma, yopanda kanthu.

Pa doko anatsika pomaliza,
anandipatsa dzanja kuti ndiwaolotse pa thabwa,
ndipo sanalisiye msanga.
Anandiyang'ana monga amayang'anira bambo
wobweretsa mwana kuchipatala mochedwa,
osakalipa, osaseka.
Muziyendetsa pang'onopang'ono, anatero.

Mawa kuli gulu lina, la aphunzitsi.
Ndamuuza kale Kombo.