Nthambi Yosaima Payokha

Lachiwiri lililonse madzulo,
pamwamba pa shopu yochapira zovala ku Grimsby,
mapaipi otenthetsa chipinda amagogoda ngati mlendo wamanyazi,
ndipo ine, Hildred Ormsby, wa imvi ndi bondo lovuta,
ndimaphunzitsa anthu otopa kupuma m'Chingerezi.

Ntchito yanga yonse ndi imeneyo:
kachizindikiro ka mchira wopindika,
kolendewera pansi pa mzere
ngati mbedza yoiwalika padoko.

Bogumił amabwera akununkha ayezi ndi nsomba za kufakitale.
Mpumiro sagwirizana nawo.
Tsamba lake limayenda ngati lamba wa makina:
ndadzuka, ndakwera basi, bwana wakalipa, zala zachita dzanzi.
Ndimamuuza kuti awa ndi amuna anayi, aliyense ndi miyendo yake,
sungawamange ndi kaulusi koonda chotere.
Ika mlumikizi,
kapena aleke, aliyense akagone kwake.
Amaseka mpaka mpando kulira,
akuti kwawo mpatuliro ndi wotsika mtengo,
amangouwaza ngati mchere pamsewu wa chisanu.

Pabolodi ndalemba chiganizo chopanda nthambi.
Mvula yagwa.
Mwininkhani, mneni, chitseko gwa.
Chimenechi sichipempha kanthu kwa munthu.

M'munsi mwake ndaika ziwiri zolemera mofanana:
Mvula yagwa, koma sitima yanyamuka.
Ndikuloza ndi choko pomwe kambedza kamakhala,
"koma" asanafike, osati atadutsa,
monga tinakhalira ine ndi Desmond zaka makumi atatu,
aliyense wokwanira payekha,
pakati pathu kampweya pang'ono ndi liwu limodzi.
Izi sindiwauza.
Ndimangosansa choko pasiketi.

Chovuta ndi chachitatu,
chija chili ndi nthambi yosaima payokha.
Ikabwera pambuyo imangotsamira phee, siifuna chizindikiro.
Ikatsogola ndiye imaima pakhomo,
chipewa m'manja,
mpatuliro kumapazi,
kudikira mwini nyumba.
Lembani zanu, ndawauza, mphindi khumi.

Yordanos wachokera kunyumba yosamalira okalamba,
akadali mu yunifolomu yobiriwira,
manja ong'ambika ndi sopo.
Amalemba ndi pensulo, pang'onopang'ono,
lilime pakati pa mano.
Wabweretsa kope lake anzake onse atakhala kale.

Mwana wanga akadzalandira chiphaso,

Basi.
Kuchokera apo mpaka kumphepete kwa pepala ndi poyera
ngati nyanja ya kumpoto m'mawa wa nkhungu.

Cholembera changa chofiira chimadziwa lamulo,
chalidziwa kuyambira ndili mtsikana:
ichi si chiganizo,
ndi mkono wopanda phewa.
Malizitsa, ndamuuza. Kenako chidzachitika n'chiyani?

Wayang'ana pawindo, pomwe basi ikudutsa yopanda anthu.
Aphunzitsi, akutero, mneni wakeyo sindinamuonebe.
Ndiye waika chikhadabo pa mpatuliro penipeni.
Ine ndimakhala apa.
Chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano.

Pansi pathu makina ochapira ayamba kuzungulira mwamphamvu,
matebulo akunjenjemera,
Bogumił wasiya kutafuna cholembera.

Ndayang'ananso.
Nthambi yatsogola.
Mpatuliro uli pamalo ake enieni,
wopindika bwino, wosathamanga.
Chimene khonsolo imandilipirira kuti ndione, ndachiona.
Ndavundikira cholembera.
Usafufute, ndamuuza,
ungosiyapo mizere iwiri.

Ndatseka magetsi, ndatsika masitepe chammbali chifukwa cha bondo.
Kunja mphepo ikununkha mchere ndi dizilo.
Kunyumba kiyi akukana kaye monga mwa masiku onse,
jekete la Desmond likadali pamsomali wake,
matumba otupa ndi malisiti a dzinja lija.
Pakamwa panga payamba pokha,
monga pamachitira ndisanapagwire:
Ukadamuona mtsikana wa lero,

ndipo khonde lonse lakhala chete,
kudikira nane.