Zala za Nachisale

Injini inayamba kutsokomola titangodutsa pa Chinkhoma,
chifuwa cha munthu wobisa matenda,
kaphokoso ka ngo-ngo-ngo pansi pa boneti
kamene ndinakhala ndikukaphimba ndi wailesi masabata atatu.
Mayi wa dengu la tomato kumbuyo anati,
“Adalaivala, galimoto yanuyi ikulira njala.”
Ndinaseka. Tonse asanu ndi awiri tinaseka.
Kanyali kofiira kaja sikanaseke nawo.

Galaji ya Nachisale ilibe denga.
Ndi mthunzi wa mango kuseri kwa msika wa Kasungu,
dzenje limodzi, masipanala m’chitini cha penti.
Moni wake ndi wamfupi.
Anasolola kachitsulo koyezera,
dontho n’kulifikisa pakati pa zala ziwiri
ngati wogula fodya akuyesa tsamba.
Ananunkhiza.
“Ameneyu munamugula kuti?”

Ndinanena zoona, poti zalazo zinali zitadziwa kale:
kwa mnyamata wa pa siteji,
m’botolo lomwe kale munali sikwashi,
theka la mtengo wa m’sitolo.

“Oyilo uyu ganyu anaigwira kale,” anatero.
“Anatuluka m’lole ya wina atatopa,
anamusefa pa nsanza, n’kumuveka za tchalitchi.”

Fyuluta anaidula pakati ndi sowo.
Kunja penti yowala, dzina lolembedwa mwaluso,
m’kati pepala lakuda bii, lofumbwa,
longoyoyoka ukalikhudza.
“Onani, mulibe kakhomo koletsa oyilo kubwerera.
Usiku wonse amatsikira pansi,
m’mawa injini imadzuka kukhosi kuli gwa,
zitsulo kumadyana zokhazokha
inu mukuimba mluzu, mukupukuta galasi.”

Ndinatulutsa buku lomwe linabwera ndi galimotoyi,
zilembo za Chijapani, mapazi a nkhuku pa fumbi.
Iye sizinamuopse.
Anatsegula cha kumapeto, chala chakuda n’kuima:
“Manambala alibe mtundu.
Loyambali likunena za m’mawa wa Juni,
mwera ukuluma, injini ikadali yozizira,
oyilo athamange, afike msanga pamwamba.
Linali ndi la masana a Okutobala
mutapakira matumba a mtedza pa msewu wa Chamama,
asasanduke madzi.
Anzanu amati wokhuthala ndiye wamphamvu.
Phala lolimba silitsika pa mmero wa khanda.”

Ndinafunsa mtengo. Anautchula.
Ndinayang’ana phiri la Kasungu
ngati lingandibwereke kenakake.
Ndalama ya m’thumba la kumanzere
inali ya nsapato za sukulu za Mwaiwathu.
“Kapena dikirani,” anatero akupukuta m’manja,
“injini ina mukadzaifuna mudzagulitsa munda.”

Sanapite kusitolo, anandituma ndekha.
Chivindikiro cha chigubu chikhale chosamatula.
Fyuluta yakale muitenge, muziyerekeze kukamwa,
mphira wake, mazinga ake,
musalole zoti zonse n’zimodzimodzi.
Ndinaima pa kauntala ngati mwana wa sitandade wani,
kuwerenga manambala mokweza,
wogulitsa akundiyang’ana cham’mbali.

Oyilo watsopano analowa ngati uchi wa m’chilimwe,
mwakachetechete.
Mphira wa fyuluta anaudzoza ndi chala,
n’kumanga ndi dzanja lokha, sipanala ili pansi.
Pa kapepala komata analemba makilomita odzabwerera,
n’kukamata pa chitseko pomwe bondo langa limagunda.

Lero wailesi ndimaizimitsa dala pokwera mtunda.
Ndimamvetsera.
Mwaiwathu akupitabe kusukulu chala chili panja,
mayi ake sanandilankhule masiku awiri.

Dzulo pa siteji mnyamata uja anandikweza dzanja,
mabotolo ake akunyezimira pa dzuwa,
ndipo Gomezgani, wa galimoto yoyera ija,
anali atawerama pamenepo akuwerenga makobidi.
Ndinaliza hutala kawiri.
Anangoganiza kuti ndi moni.