Pansi pa Chigwembe

Mlonda wa paki, Mayi Tillery, anaona laisensi ya Harlan,
kenako maso awo anatsikira pachifuwa pake
pomwe malaya sankabisa bwino chipsera cha opaleshoni.
"Kutsika si nkhani," anatero. "Nkhani ndi kubwerako."
Mlongo wanga anangoseka, nanyamula ndodo yake ya mbedza.

Masitepe mazana atatu, amatabwa, oterera ndi mame a Okutobala.
Ine pambuyo, basiketi ndi fulasiki m'manja,
kuwerenga mpweya wake m'malo mwa masitepe.
Mitengo ya paini inatitsekera thambo pang'onopang'ono.
Masamba a mitengo ina, ofiira ngati njerwa,
ankayoyoka okha popanda mphepo,
ndipo phokoso la msewu wa ku Knoxville linatsala kumtunda
ngati ngongole yomwe taiwala dala.

Pansipo mtsinje unkadziyankhulira pakati pa miyala,
madzi oluma akakolo.
Harlan anaponya chingwe, chinakodwa m'nthambi.
Anatukwana. Anaponyanso.
Ine ndinayala nsalu patebulo pomwe wina anazokota ndi mpeni
"Opal ndi Dewey", chaka chake ndere zinadya kalekale,
ndipo ndili mkati mothira khofi
khwangwala anatsomphola sangweji yathunthu
n'kukaidyera pathanthwe, akundiyang'ana m'maso.

Dzuwa litapendeka, nsomba inadya.
Kamwana chabe, kamawangamawanga, kosafika muyeso wa lamulo.
Anakagoneka pa rula, nakayezanso kachiwiri
ngati kangakule ali chiyang'anire.
Kenako anagwada, manja onse m'madzi,
kukachirikiza mpaka makha ake atayambanso kutakataka.
Pululu! Kapita.
Iye anakhalabe chogwada, mawondo a buluku atanyowa.
Sindinamufunse kanthu.

Sangweji yotsala tinadula pakati.
Nyama yamchere ndinamuchotsera, monga ananenera dokotala;
anaitola pansalu ndikuyang'ana kumbali.
Ndinaona. Ndinangokhala chete.

Pokwera tinapuma kasanu ndi kawiri.
Kachisanu, atatsamira chitsulo cha m'mbali, milomo itatuwa,
anati, "Marlene ukamuuze kuti inali yaikulu."
"Yaikulu bwanji?"
Anatambasula manja, anaganiza kaye, nawabweza pang'ono.
"Chonchi. Asatigwire bodza."

Pamwamba tinapeza Mayi Tillery ataima pageti,
makiyi m'manja, nthawi yotseka itadutsa kale.
Sananene kuti amatidikira.

M'galimoto Harlan anagona tisanafike pamlatho,
kukamwa yasa, chipewa chitagwera pamiyendo.
Ndinatseka wailesi kuti ndizimumva akupuma.
Zala zake zinkanunkhabe mtsinje.