Fumbi la pa Chigaza

Lolemba lililonse, alendo asanalowe,
ndimatsegula kabati yagalasi ndi kakiyi kamkuwa
n'kupukuta chigaza.
Si chenicheni, anatero a Marufu tsiku langa loyamba,
n'choumba, mwini wake ali kutali m'bokosi lokhoma.
Komabe ndimachinyamula ndi manja awiri
monga mmene umalandirira madzi kwa apongozi.

Mphumi yothawira kumbuyo.
Fupa la pamwamba pa maso lotundumuka ngati khonde.
Dzino lachitatu kumanzere linapendekeka
ndendende la malume anga a Faindani,
amene anamwalira ku Mufakose
akudikirabe penshoni ya kunjanji.

Kapepala ka pansi pake kali ndi maziro ambiri.
Ndinawawerenga ndi chala, ndinabwerezanso.
Zaka zimenezo sizingakwane m'buku lakuda la bambo
ngakhale utazipinda kanayi.

Bambo anali mkulu wa mpingo ku Highfield.
Magetsi akathima ankayatsa kandulo
n'kutiwerengera mndandanda:
uje anabala uje, uje anabala uje,
amuna okhaokha kuphukirana ngati mitengo ya chinangwa.
Ine, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinafunsa:
nanga amayi awo anali kuti?
Si paja kwathu munthu amatsata bele?
Khofi linandipeza funso lisanathe.

Ndinkadikirabe dzina lathu mumndandandamo.
Mbewe. Mwale. Ngakhale Nkhoma chabe.
Kandulo inkatha lisanafike.
Mlaliki wina anati tilimo ndithu,
tinalowera kukhomo la kuseri,
mwa mwana uja anaona atate ake ataledzera, ali mbulanda,
ndipo n'chifukwa chake timakolopera ena.
Mpingo unati ameni.
Mopu ndili nawo, inde,
koma anandipatsa ndi a Marufu, ndinasaina.

Ku ofesi ya ziphaso mzere umayamba tambala asanalire.
Munachokera kuti, mayi?
Ndinabadwira pa Gomo pompa, mukasuzumira muonapo denga.
Nanga bambo anu? Nanga bambo awo?
Iwowo anayenda pansi kuchokera ku Dedza,
anaoloka Zambezi pa Tete, nsapato zili m'khosi.
Kalaliki anadinda: mlendo.
Ndinafuna kumukoka dzanja, tiyende mpaka ku kabati yanga,
afunse uyu wa mphumi yothawa,
tione ngati chidindo chingamukwane.

Malume ankati mapazi a anthu oyamba ali ku Kaphirintiwa,
anaponda thanthwe lidakali phala.
Iwo sanakafikeko. Inenso ayi.
Tsono ndili ndi munda wa zipatso umene sindinauone,
thanthwe limene sindinaligwire,
ndi mutu uwu wa pulasitala, wolemera ngati papaya,
umene suuza munthu kuti anatembereredwa.

Lachinayi kunabwera ana a sukulu a ku Kambuzuma.
Mnyamata wina anadzikanda m'khwapa, nkulira ngati nyani,
anzake anagwa nazo.
Aphunzitsi ananong'ona: lembani izi pa mayeso,
koma mumtima mukudziwa zoona.
Kamtsikana kena kanatsalira,
mphuno itakanikiza galasi lomwe ndinali nditangopukuta.
Kanandifunsa m'Chishona ngati ameneyu anali ndi dzina.
Ndinati amayi ake ankalidziwa.

Sindinasiye kupita kutchalitchi.
Ndimaimba alito, ndimaphika pamaliro.
Koma akafika pa uje anabala uje
ndimayang'ana makutu a anthu a pa benchi yakutsogolo,
makutu opindika bwino, akale kwambiri,
akale kuposa mapepala.

Amati tinaumbidwa ndi fumbi.
Pamenepo pokha sindikangana nawo,
fumbi ndimalidziwa, ndi ntchito yanga.
Limalowa ngakhale m'kabati yokhoma,
limakhala pa iye, limakhala pa ine.

Madzulo mu kombi ya ku Copacabana,
titapanikizana anayi pa mpando wa atatu,
ndinadzipeza ndikusisita pamwamba pa diso langa,
kufufuza pomwe khonde lija linathera.
Kondakitala anaganiza kuti mutu ukundipweteka,
anatsegula windo.