Boti Lomaliza la ku Karşıyaka

Pa sikirini yaikulu ya mu ofesi ya ku Alsancak
chilichonse chili ndi pokhala pake:
mizere isanu ndi iwiri ya nthawi za maboti,
chithunzi cha nyanja chotambasuka ngati nsalu yoyanika,
ndi batani lobiriwira logulira tikiti
lili phee kudzanja lamanja.
Nergis anathera miyezi itatu patsamba limeneli.
Abwana anawomba m'manja.

Koma bambo ake, a Rıfat,
wosoka nsapato mumsika wa Kemeraltı,
alibe desiki, alibe mpando wozungulira.
Ali ndi foni yong'aluka pakona,
chala chachikulu chouma ndi guluu,
ndi dzanja lina lonyamula mkate.
Lachinayi usiku, mvula ikuwaza padoko,
mizere ija inathithikana m'kagalasi kosakwana chikhatho,
manambala anaberekana kumsana,
batani linathawira kuseri kwa malire
kumene chala sichifika.
Anakoka, anatsina, anagoneka foni cham'mbali.
Boti lomaliza linalira kamodzi, n'kunyamuka.

Sanakalipe. M'mawa, akupungula tiyi, anangoti,
"Mwanawe, chinthu chako chija n'chokongola,
koma sichindidziwa."

Tsiku limenelo Nergis anazimitsa sikirini yaikulu.
Papepala anajambula kabokosi kopapatiza
n'kufunsa: munthu woimirira, wonyowa, wotsala ndi dzanja limodzi,
akufuna chiyani choyamba?
Nyanja ayi. Nyanja ali nayo kale, ikumuthovukira kumapazi.
Anachotsa chithunzi chija,
ngakhale anachijambula yekha, Lamlungu lina, dzuwa lili bwino.
Anasiya mawu ochepa: boti lotsatira, mphindi zakuti.
Batani analitsitsira pansi pomwe chala chimapumira,
n'kulikuza mpaka Tolga, mnzake wolemba makodi, anaseka:
"Ili ndiye ngakhale chigongono chidina."

Atatero m'pamene anayatsanso yaikulu ija.
Mizere inabwerera umodziumodzi
monga mmene malo analolera,
iwiri pa tabuleti, yonse pa kompyuta,
nyanja n'kulowa pomalizira, ngati mlendo wochedwa
amene palibe anamufunsa.

A Rıfat sanayamikire.
Amangofika kunyumba mkate usanaume.
Akuti zilembo zikadali zazing'ono
kwa munthu woiwala magalasi m'thumba la epuloni.
Nergis walemba zimenezo pa kapepala kachikasu,
wakamata pakati penipeni pa sikirini yaikulu,
pomwe kakutchinga nyanja.