Mzere Wobiriwira

Pa geti pali chikwangwani chothetheka ndi dzuwa,
mapu a phiri lonse, mizere itatu.
Ganizani waika kale chala pa wofiira,
uja wokwera mpaka pansonga
ngati mtsempha wa pachipumi cha munthu wokwiya.
"Adadi, uwu. Inayo ndi ya makanda."
Nthanda sadziwa kuwerenga.
Akufuna wachikasu
poti ukufanana ndi masokosi ake.

Ndi Ogasiti, Joni wauma gwa.
Moto unadutsa muno mwezi watha,
kwatsala miyala yokhayokha,
yofiirira, yoberekana kumsana,
ina yotsamira pa inzake ngati oledzera ogwirizana.
Ukanati ndi chipululu
pakadapanda magalimoto kulira kuseri kwa mpanda.

Ine ndikuwerenga zimene mapu sanalembe.
Mabotolo awiri a madzi, lina latheka kale mu takisi.
Nsapato za Nthanda za pa kaunjika wa ku Rosettenville,
yakumanzere imamuluma chidendene.
Nasibeko, amene dzulo wasita zovala za eni ake mpaka mdima
ndipo sakunena kanthu za msana,
angoima dzanja lili m'chiuno.
Ineyo ndaweruka ku ulonda sikisi koloko m'mawa,
maso ali ndi mchenga.

Ndafunsa mkulu wa pa geti m'Chizulu changa chotsimphina.
Wayang'ana miyendo ya mwana, osati nkhope yanga.
Akuti wobiriwira uli ndi mithunzi iwiri
ndi mwala wathyathyathya wodyerapo buledi.

"Wobiriwira," ndagamula.
Ganizani wamenya kamwala theche,
wayenda patsogolo, khosi gwa, osacheuka.

Mkwiyo wake watha pa gulo.
Mutu wabuluu, kugwedeza ngati akuvomera mlandu,
mnyamata wagona chafufumimba kumuyankha.
Kenaka thanthwe long'ambika pakati,
mpata wongokwana mwana wopanda mimba;
walowa, watulukira uko, walowanso, kasanu.
Mbira zitatu zatiyang'ana zili pa dzuwa
ngati eni nyumba oyembekeza lendi.
Nthanda akutola miyala.
Uliwonse ndi wofunika, uliwonse ndisunge ine.
Thumba la buluku layamba kundikokera pansi.

Sindinawauze anawa
kuti njira yondibweretsa kuno inalibe mtundu.
Panalibe chikwangwani.
Tinatsika mu lole usiku, tinali khumi ndi anayi,
wotitsogolera anati musatsokomole.
Minga, miyala yotentha ngakhale kutada,
madzi a m'chigubu chimodzi cha mafuta ophikira.
Mnyamata wa ku Bawi anavula nsapato imodzi itang'ambika
nayenda choncho mpaka kucha.
Palibe anatifunsa: kodi mukufuna yaifupi?

Ndiye lero ndisiyeni ndisankhe yofewa.
Ndisiyeni ndiime pa chikwangwani nthawi yonse imene ndikufuna,
manja kumbuyo, ngati munthu wogula mbuzi.

Pa mwala wathyathyathya uja
Nasibeko wavula nsapato, watambasula miyendo, waseka yekha.
Buledi, mazira owiritsa, mchere wa m'kapepala.
Kutali nsanja za m'tauni zaima mu utsi,
ndi milu yachikasu ya m'migodi
imene agogo ake a Ganizani anathandiza kuunjika
asanabwerere kumudzi ndi chifuwa ndi wailesi.
Pamwamba pathu anthu a ndodo ziwiriziwiri
akukwera mzere wofiira, ang'onoang'ono ngati nyerere.

"Chaka chamawa?" wafunsa, dzira lili m'kamwa.
"Miyendo ya mlongo wako ikatalika."
Wayang'ana miyendoyo nthawi yaitali,
ngati angaikoke.

Pobwerera Nthanda wagona pa phewa langa,
nsapato yoluma ija ili m'manja mwa mayi ake.

Usiku, ku ntchito, pofuna makiyi a geti la eni ake,
dzanja lakumana ndi miyala isanu ndi umodzi.
Umodzi ukadali wofunda,
kapena ndi ntchafu yanga chabe.